Kliniki ya ogwiriridwa ndi maloya aulere kuno ku Harare, mmene ndinaonera ine

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi kwa miyezi ingapo koma mwini wake nkhaniyi ndi amene wandiuza kuti mayi aang'ono lembani, mwina wina zimuthandiza, bola musatchule dzina langa kapena komwe tikukhala. Nde sinditchula dzina lake, sinditchulanso kliniki yeniyeniyo yomwe tinapita, polisi yake kapena ofesi ya maloya, chifukwa ife a Chichewa kuno ku Harare timadziwana kwambiri, ukangoti ku Mabvuku kapena ku Epworth anthu ayamba kale kuwerenga nyumba. Malo omwe mungapite ndiwatchula kumunsiku.

Ndi mwana wa malemu mkulu wanga, mtsikana wa zaka 23, amagwira ntchito ya m'nyumba. Zinamuchitikira Loweruka usiku ndipo anamuchita zimenezi ndi munthu woti timamudziwa, woti pamaliro timakhala naye limodzi. Zambiri za usiku umenewo sindilemba. Anafika kwanga Lamlungu m'mawa ali phee, tiyi osamwa, kungolowa kubafa katatu konse, mpaka ndinachita kumukhazika pansi ndi kumufunsa kuti mwana wanga chavuta ndi chani. Atandiuza ine mutu unaima, ndipo chinthu choyamba chomwe ndinachita, ndikuvomera pano kuti ndinalakwitsa, ndinaimbira atsibweni ake. Mwambo wathu umatero eti, nkhani ya mwana wa mlongo mwini wake ndi atsibweni. Iwo anabwera madzulo ndi akulu ena awiri, nkhani yake yomweija mukuidziwa, tikambirane pakhomo, zapolisi zimayalutsa mtundu, mnyamatayo kwawo avomera kulipira chipepeso, mtsikanayu adzakwatiwa ndi ndani anthu akamva. Tinakhala pabalaza mpaka cha m'ma 10 usiku tikukambirana za ndalama mwini wake ali kuchipinda wafunda bulangete kumutu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati wavulala.

Anatipulumutsa ndi mayi ena a kumpingo kwathu omwe anagwirapo ntchito yothandiza manesi. Ndinawanong'oneza Lolemba m'mawa ndipo sanafune kumva zambiri, anangondifunsa kuti zachitika liti, nditati Loweruka usiku anawerenga pa zala nkuti amayi muli ndi mpaka mawa usiku basi, nyamukani pompano, za atsibweni muziona pobwera. Ine maola 72 amenewa ndinali ndisanawamvepo. Mankhwala oteteza ku HIV aja amati PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 chichitikire zinthuzo, ndipo ukafulumira ndi pomwe amagwira bwino ntchito, masiku atatu akadutsa sakupatsanso chifukwa sathandizanso. Ife tsiku limodzi ndi theka tinali titataya kale pa misonkhano yapabalaza.

Tinakwera kombi, ina mpaka m'tauni kenako ina, mwana wanga atakhala kuwindo osayankhula njira yonse.

Tsopano za kliniki. Ine ndinkayembekeza zomwe timazidziwa, mzere wautali, nesi wokufunsa mokuwa pagulu kuti mukudwala chani. Sizinatero. Mayi wa polandirira alendo atangomva mawu awiri anatseka buku, anatitengera m'chipinda china chokhala ndi makatani ndi mipando yofewa, anabweretsa madzi akumwa, nkutifunsa ngati tadya. Sanafunse kalata ya kupolisi, sanafunse ndalama, ngakhale chitupa sanaumirire, ndipo apa ndi pomwe ambiri timanamizana kuti kuchipatala sakulandira usanapite kupolisi. Bodza limenelo, chithandizo cha mankhwala chimayamba, zapolisi zimabwera pambuyo ndipo kwa munthu wamkulu amakufunsa iweyo ngati ukufuna kukanena. Nesi yemwe anamuona anali mayi wachikulire, ndipo chomwe sindidzaiwala ndi choti chilichonse asanachite amayamba wafunsa. Ndikufuna ndione apa, ukulola? Ukati ayi ndisiya. Anamufunsanso ngati akufuna kuti ine ndikhalemo kapena ndituluke, mwana anati mayi aang'ono akhale koma ayang'ane kukhoma, nde ndinakhala ndikuyang'ana kalendala wakale wa pakhomapo mphindi zonsezo nditamugwira dzanja chakumbuyo. Nesi uja anamuuza mu Chishona kuti si mlandu wako mwanangu, ndipo mawu amenewa aka kanali koyamba kuwamva chichitikire zinthuzo, ngakhale ine mayi ake ndinali ndisanamuuze choncho.

Anamuyeza magazi kaye kuti aone mmene alili, anamuyezanso ngati ali ndi mimba kale, kenako PEP anamwera pomwepo piritsi loyamba. Mankhwalawa ndi a masiku 28 osadumphitsa. Anamupatsanso mapiritsi a pangozi oletsa mimba, awa akuti amatha kugwira mpaka masiku asanu koma nawonso bola kufulumira, ndiye mankhwala a matenda opatsirana pogonana ngati chindoko ndi chinzonono, ndi katemera wa matenda a chiwindi aja a hepatitis B. Akakhala ndi mabala otseguka amaonanso za kafumbata. Zonsezi sitinatulutse ngakhale dola imodzi, ine ndinali nditabwereka ndalama za pafoni pa EcoCash kwa mnzanga wa kumsika poganiza kuti tikalipira, zinangothera pa kombi ndi chakudya.

Pa nkhani ya zovala ndi pomwe ndinachita manyazi. Nesi anafunsa kuti zomwe anavala usiku umenewo zili kuti, ine nkuti ndinaziviika m'madzi a sopo dzulo, ndimafuna mwana asamazione. Sanandikalipire ayi, anangoti zikanakhala zosachapa zikanathandiza ngati umboni, ndipo mukamasunga muziika m'pepala kapena mu envulopu yaikulu, osati mu pulasitiki chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi zinthu nkuwonongeka. Kusamba nakonso kumachotsa umboni, koma anatsindika kuti ngakhale wasamba kakhumi, ngakhale papita sabata kapena mwezi, bwera ndithu, pali zambiri zomwe angakuthandizebe. Zonse zomwe anaona pathupi analemba pa fomu ya chipatala yolumbirira yomwe imapita kukhoti, fomu imeneyi ndiyofunika kwambiri pa mlandu, tinadzaona pambuyo pake.

Koma sikuti zonse zinali bwino, ndinene chilungamo. Choyamba malowo kuti uwapeze uyenera kufunsa, ndipo kufunsa mlonda wa pageti kuti kliniki ya ogwiriridwa ili kuti pali anthu ena akumva si chinthu chophweka, ine ndinachita kunama kuti ndikufuna mlangizi. Chachiwiri tinadikira mlangiziyo pafupifupi maola awiri chifukwa anali yekha ndipo kutsogolo kwathu kunali mayi wina ndi kamtsikana kovala yunifomu ya sukulu, mtima wanga unasweka pamenepo. Chachitatu sanatiuze bwinobwino kuti PEP ikhoza kumupatsa nseru ndi chizungulire masiku oyamba, mwana anafuna kusiya tsiku lachinayi akuti mankhwalawa andipha, mpaka tinaimba foni nde anatilangiza kuti asasiye, azimwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ndipo zikapitirira abwere. Ndiye pali za chilankhulo. Onse amayankhula Chishona ndi Chizungu, ife kuno Chishona timachidziwa inde, koma mwana ameneyu anakulira kwa agogo ake kufamu komwe Chichewa ndi chomwe chimayankhulidwa m'nyumba, akayamba kulira mawu amatuluka m'Chichewa basi, nde ine ndimachita kumasulira zinthu zoti mayi sayenera kumva kuchokera pakamwa pa mwana wake. Pakanakhala mlangizi mmodzi yekha wodziwa Chichewa zikanapepuka. Komabe zikanakhala zopereka nyenyezi ngati pa Google ndikanawapatsa zinayi mwa zisanu, ndipo nesi uja payekha zisanu zonse.

Za maola zija musazitenge mwachibwana. Loya wathu anadzatiuza za mlandu wodziwika wa mayi Mapingure, omwe anagwiriridwa ndi mbava ku Chegutu mu 2006, anathamangira kupolisi ndi kuchipatala nthawi ilipo koma anangowazunguliza uku ndi uku mpaka nthawi ya mankhwala oletsa mimba inadutsa, anakhala ndi pakati mpaka kubereka. Khoti lalikulu la Supreme linagamula mu 2014 kuti boma linali ndi mlandu polephera kuwathandiza kupewa mimbayo. Nde ngati wina aliyense akukuchedwetsani, akuti bwerani mawa, muli ndi ufulu wokakamira. Lamulo la kuno la 1977 limalolanso kuchotsa pakati pobwera chifukwa chogwiriridwa, koma pamafunika kalata ya majisitireti kaye ndipo zimenezi zimafuna nthawi, ndi chifukwa chake kunena msanga kuli bwino. Ife mwamwayi sitinafike kumeneko.

Kupolisi tinapita Lachiwiri, mwini wake atagona nayo nkhaniyo nkudzuka akuti ndikanena. Apa langizo langa ndi limodzi, musayambe kufotokoza pa kauntala. Ife tinalakwitsa, wapolisi wa pa kauntala anafunsa mokweza kuti nkhani yanji pali anthu obedwa mafoni ndi oledzera omangidwa usiku atakhala pabenchi, kenako nkufunsa kuti nanga iwe unkatani kumeneko usiku, mwana anangotembenuka kufuna kutuluka ndinachita kumugwira chitenje. Mukafika ingonenani kuti tikufuna Victim Friendly Unit, ena amangoti VFU, ndi gawo la apolisi loona nkhani zimenezi ndi za nkhanza za m'banja. Kumeneko tinapeza wapolisi wamkazi yemwe anatseka chitseko, analemba sitetimenti pang'onopang'ono, nkuiwerenganso mokweza mwana asanasaine. Onetsetsani kuti akuwerengerani, pomwe palakwika munene pomwepo. Ndiye musachoke opanda nambala ya nkhani yanu, amati RRB nambala, ndi dzina la wapolisi wofufuza, lembani papepala komanso mufoni chifukwa kulikonse komwe mupite akufunsani imeneyo.

Kwa maloya anatitumiza ndi a kukliniki omwe aja. Ine ndinkadziwa kuti loya ndi wa anthu olemera a ku Borrowdale, ife ogulitsa tomato tingamuthe bwanji, koma awa ndi aulere, ndi bungwe lothandiza amayi ndi ana. Ofesi yake ndi nyumba wamba, mabenchi panja, amayi ambirimbiri ena a nkhani za ndalama zolerera ana ena za chuma cha masiye, nde palibe amene angadziwe kuti iwe wabwerera chani, zimenezo ndinazikonda. Tinafika 8 koloko tinalowa cha m'ma 11. Loya wake anali mtsikana wamng'ono moti ndinakayika poyamba, mafayilo ali mulu patebulo mpaka pansi, koma atayamba kufotokoza ndinakhala chete.

Choyamba anatimasulira kuti pa mlandu wogwiririra wodandaula salemba loya, mlanduwo ndi wa boma, amene amauyendetsa kukhoti ndi woimira boma pa milandu, mwana wathu ndi mboni. Ntchito ya iye loyayo ndi kutifotokozera zomwe zikuchitika, kutsatira doketi, fayilo ya mlandu ya kupolisi ija, ikamachedwa, kumukonzekeretsa mwana mafunso a kukhoti, ndipo ngati atafuna pambuyo pake atha kusumira munthuyo payekha kuti alipire chipukuta misozi kudzera kukhoti, osati chapabalaza chija. Ndinamufunsa za atsibweni ndi chipepeso chawo, anaseka pang'ono nkuti amayi, ndalama kapena ng'ombe sizifafaniza mlandu, ndipo achibale akayamba kuopseza mboni kapena kuikakamiza kuti isinthe mawu iwonso akhoza kulowa m'mavuto ndi lamulo.

Kenako anamufunsa mwana funso lomwe linkamudya mumtima, loti poti munthuyo ndimamudziwa ndipo ndinalowa ndekha m'nyumbamo, komanso sindinakuwe, kodi akhulupirira? Loya anati lamulo limayang'ana chinthu chimodzi, unalola kapena sunalole. Kumudziwa munthu si kulola, kukhala chibwenzi chake si kulola, kuvala siketi yaifupi si kulola, munthu amene wagona tulo kapena waledzera mpaka osadziwa kanthu sangalole, ndipo kuuma thupi ndi mantha osatha kukuwa zimachitikira anthu ambiri. Ngakhale m'banja, kuno ku Zimbabwe kuyambira 2001 mwamuna akhoza kuimbidwa mlandu wogwiririra mkazi wake, kulipira malowolo si chiphaso. Apa ine ndinadzidzimuka chifukwa ku chinamwali ndi ku chilangizo cha ukwati anatiuza zina, zoti mwamuna sakanizidwa. Anatinso amuna ndi anyamata nawonso zimawachitikira, lamulo limangoutcha dzina lina mlanduwo koma chilango chake ndi cholemera chimodzimodzi ndipo kukliniki amawalandira. Za ana ndiye palibe zokambirana, kuyambira 2024 aliyense wosakwana zaka 18 lamulo limamuteteza, wamkulu wogona naye sanganene kuti anavomera yekha, ndipo kukwatitsa mwana kwa amene wamuwononga kuti nkhani ithe ndi mlandu winanso, ukwati wa ana khoti linauthetsa kale mu 2016. Zilango nazonso anazikhwimitsa mu 2023, ngati mlandu uli ndi zinthu zoukulitsa munthu sangalandire zaka zochepera 15 ndipo ukhoza kufika moyo wonse kundende.

Chinanso chomwe chimatikhudza ife ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique ndi nkhani ya mapepala. Ambiri m'makomboni ndi m'mafamu alibe chitupa kapena kalata yakubadwa, ena chitupa chawo chinalembedwa zoti ndi mlendo, nde amaopa kupolisi kuti akakanena nkhani iwowo ndi amene atsale komweko. Ndinafunsa dala chifukwa ndikudziwa atsikana angapo otere. Loya anati kusowa chitupa sikuchotsa ufulu wa munthu wokanena kuti wachitiridwa nkhanza, ndipo ngati ukuopa pita ndi munthu wa bungwe akuperekeze. Anatikumbutsanso kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 amazindikira zilankhulo 16 ndipo Chichewa chili pomwepo, nde kukhoti ukhoza kupempha womasulira wa Chichewa, kungoti unene msanga kwa woimira boma kuti amufune nthawi ilipo osati kukanena tsiku lomwelo.

Pomwe ndingawadandaule maloyawa ndi foni. Kuti umupeze loya wako ndi ntchito, umaimba kasanu osayankha, pa WhatsApp amayankha mawa lake, tsiku lina tinapita tinapeza ali kukhoti lina ndipo amene tinamupeza sankadziwa fayilo yathu tinachita kuyambiranso kufotokoza, zomwe kwa mwana zinali ngati kutukula bala. Sindikuti ndi ulesi, ndinaona ndi maso anga mulu wa mafayilo uja, anthu ndi ochepa ntchito ndi yambiri, koma munthu wosweka mtima kale akaimba foni osayankhidwa amaganiza kuti amutaya. Amene akuperekeza ndi amene ayenera kukhala wouma mutu, kumangoimbabe.

Kukhoti ndi komwe kumafuna mtima wa mwala. Munthu uja anamugwira sabata yomweyo koma anatuluka pa belo, ndipo tsiku lomwe mwana anamva anasanza ndi mantha. Loya anatifotokozera kuti belo si kuwina mlandu, anamuika malamulo oti asayandikire kapena kutumiza uthenga kwa mboni, akaphwanya tikanene kwa wofufuza nthawi yomweyo belo ikhoza kulandidwa. Mlongo wake wa munthuyo anayesa kutumiza mauthenga oti tikhululukirane ndife amodzi, tinajambula zonse mufoni nkukapereka, zinasiya. Mlandu wasunthidwa katatu tsopano, ulendo wina womasulira kunalibe, ulendo wina loya wa mbali inayo sanabwere, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama za kombi za anthu awiri kupita ndi kubwera kuphatikiza tsiku langa la kumsika lomwe latayika, palibe amakubwezera. Chabwino chake ndi choti milandu yotere ili ndi makhoti ake okonzedwa mwapadera, mboni ikhoza kuperekera umboni m'chipinda china kudzera pa kamera osayang'anizana ndi amene anaichita chipongwe, makamaka ana koma ngakhale wamkulu khoti likaona kuti avutika kwambiri mumtima likhoza kulola, loya wathu anatithandiza kupempha zimenezo. Tengani juzi ndi kachakudya, mabenchi a kukhoti amazizira ndipo ukhoza kukhala kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko nkungouzidwa tsiku lina.

Malo omwe ndikuwadziwa kuno ku Harare ndi awa, musunge mufoni ngakhale mukuona ngati sizikukukhudzani. Ku Parirenyatwa kuli Adult Rape Clinic ya akuluakulu. Ana amawaona ku kliniki ya Family Support ku chipatala cha Sally Mugabe, chomwe tonse timangoti ku Gomo. A ku Mbare ndi madera oyandikira kuli kliniki ya Edith Opperman komwe chithandizo chimenechi chinayamba mu 2011 ndi a bungwe la madokotala la MSF. Musasa, bungwe lomwe lilipo kuyambira 1988, limapereka uphungu ndipo lili ndi nyumba zobisalako amayi omwe kwawo sikuli bwino. Za malamulo kuli Zimbabwe Women Lawyers Association, kuli Legal Resources Foundation, komanso boma lili ndi Legal Aid Directorate ya anthu osatha kulipira loya. Ikakhala nkhani ya mwana imbani 116 ya Childline, ndi yaulere. Ndipo ngati wochita nkhanzayo ndi mwamuna wako kapena wachibale wa m'nyumba momwemo, lamulo la nkhanza za m'banja limakulola kukatenga chikalata cha khoti chomuletsa kukuyandikira kapena kukuvutitsa, maloya omwewa amathandiza kulemba mafomu ake.

Mwana wanga anamaliza masiku 28 aja, ndinkachita kuika alamu pa foni yanga 8 koloko usiku uliwonse, ndipo atabwerera kukayezetsanso magazi pa masiku omwe anamupatsa zinatuluka bwino, tinagula nkhuku tsiku limenelo. Kwa mlangizi akupitabe kamodzi pa mwezi, tulo timavutabe masiku ena, ntchito anasintha. Atsibweni ake anakhala miyezi iwiri osatiyankhula akuti tawanyoza pamaso pa anthu, koma ulendo wachitatu wa kukhoti tinangowaona atulukira atavala jekete yawo ya kutchalitchi, sananene kanthu, anangokhala pabenchi pambali pa mwana nkumugulira Mazoe ndi mabanzi. Tsiku lina la mlandu ndi mwezi wamawa, womasulira akuti apezeka ulendo uno.